Lexus V8 mu Hilux yakale: giyabokosi ya manual ingalowe bwanji?

Funso: Ndili ndi Hilux LN106 ya 4x4 yomwe injini yake ya dizilo ya 2.8 idatha. Mng'ono wanga wa ku Johannesburg wanditumizira injini ya Lexus V8, ya 1UZ-FE, pamodzi ndi giyabokosi yake ya otomatiki. Ine otomatiki sindiifuna. Wowotcherera wina akuti adula chitsulo, aboole, n'kumangirira giyabokosi yanga yakale yomweyo. Kodi zitheka? Nanga ndigule zotani?

Yankho: Zitheka ndithu, bambo. Ku South Africa, Australia ndi New Zealand ma Hilux ambirimbiri akuyenda ndi injini imeneyi pa magiya osintha ndi dzanja. Koma giyabokosi muli nayoyo siyenera, ndipo chitsulo choboola mongoyerekeza ndi maso chidzakudyerani ndalama kawiri.

Vuto lake likuchokera ku fakitale. Kuyambira 1989, pomwe 1UZ-FE idatuluka mu Lexus LS400, Toyota Celsior ndi Crown, kenako mu Soarer, Toyota sidaigulitsepo ndi giyabokosi ya manual. Motero palibe flywheel (gudumu lachitsulo lakumbuyo kwa injini pomwe klachi imagwira), klachi kapena bellhousing (chigoba cholumikiza injini ndi giyabokosi) ya Toyota imene mungakatole pa galimoto yakufa n'kungomanga. Zonse zapakati pa injini ndi giyabokosi ndi zogula kwa amisiri apadera kapena zosulitsa, ndipo poti palibe buku la fakitale lokuuzani miyeso, woyeza ndinu ndi makaniko wanu.

Tiyambe ndi giyabokosi. Onani kachitsulo kokhomedwa m'chipinda cha injini, pamzere wolembedwa TRANS/AXLE. Ma LN106 ambiri a dizilo amaonetsa G52 kapena G58. Magiyabokosi amenewa adapangidwira injini ngati ya 2.8 yanuyo, yotchedwa 3L, yomwe torque yake, mphamvu yopotola shafuti, ndi 188 Nm. 1UZ yoyambirira imatulutsa 353 Nm, ndipo ya VVT-i ya 1997 kupita m'tsogolo imapitirira pang'ono 400 Nm. Ndiye kuti mukupempha ma bearing ndi mano ang'onoang'ono kuti asenze katundu wowirikiza kawiri. Sidzasweka tsiku loyamba ayi. Idzayamba kulira mu giya yachisanu, kenako yachitatu, kenako zitsulo zidzaoneka mu oyilo. W56 ndi W58 n'zolimbirapo, ndipo W58 anthu amaiika kuseri kwa V8 m'magalimoto opepuka, koma pa pikiapu yonyamula matumba a chimanga n'kumakwera Chiweta sindingakulangizeni.

Funani ya banja la R: R150F kapena R151F. Toyota yeniyeniyo idaika R151F kuseri kwa injini ya 3.0 D-4D yotulutsa 343 Nm, yomwe ili pafupi kwambiri ndi V8 yanu. Kusiyana kwa ziwirizi kuli pa magiya awiri oyamba: R151F ili ndi 4.313 ndi 2.330, pomwe R150F ili ndi 3.830 ndi 2.062. Yachitatu, yachinayi ndi yachisanu n'zofanana, 1.436, 1.000 ndi 0.838. Kuseri kwa V8, giya yoyamba ya R151F ndi yaifupi kwambiri moti pa tala mudzazolowera kunyamuka ndi yachiwiri. R150F imakoma kuposa, koma mukapeza R151F yabwino musaisiye chifukwa cha zimenezo. R154 ya Supra ya turbo ndi yolimba, koma ndi ya magudumu awiri okha ndipo klachi yake yakufakitale ndi yokoka osati yokankha. Pa 4x4 isiyeni.

R150F kapena R151F muigule pamodzi ndi transfer case yake, kabokosi kogawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo muonetsetse mbali yomwe propshaft yakutsogolo imatulukira. Difu yakutsogolo ya LN106 ili kudzanja lamanja. Transfer ya Surf KZN130 kapena Hilux KZN165 imatulutsira kumanja komweko, koma ya Hilux za 2005 kupita m'tsogolo ndi ya Prado 90 imatulutsira kumanzere, ndiye siikuthandizani ngakhale itatchipa bwanji. Transfer yanu yakale, ngati ndi yamagiya, singolowa pa R150F: imafuna pleti yolumikizira komanso giya yolandirira ya ma spline (timizere tolumana ndi shafuti) 23 m'malo mwa 21. Musanapereke ndalama, masulani pulagi yotsitsira oyilo. Fumbi lachitsulo losalala ngati phala si vuto, koma tizidutswa tolasa chala ndi mano kapena bearing yomwe ikutha. Gwirani nsonga ya input shaft, shafuti yakutsogolo yolowa mu klachi, muigwedeze, mulowetse magiya onse mukuzunguza, mumvetsere.

Kenako yezani input shaft imeneyo, chifukwa ma R si ofanana onse. Akale, a 1995 kubwerera m'mbuyo, ali ndi shafuti yaifupi, pafupifupi 160 mm kuchokera pankhope ya giyabokosi, pomwe ambiri otsatirapo ali ndi ya pafupifupi 190 mm. Bellhousing yopangidwira shafuti yaitali sigwira pa yaifupi. Anthu ambiri amayamba kugula kiti ku Joni, giyabokosi n'kudzaifuna pambuyo. Inu tembenuzani: giyabokosi ikhale pansi m'galaja, muyeze, kenako muitanitse zotsalazo mukutchula muyeso.

Njira zolumikizira zilipo zitatu. Yoyamba ndi bellhousing yoyengedwa kale, mbali ina ya 1UZ mbali ina ya R, yobwera ndi malo a foloko ndi slave cylinder yakunja (kapisitoni kokankha foloko ya klachi). Imeneyi ndiyo ndingasankhe pa galimoto yogwira ntchito kumudzi, chifukwa slave ikatha mumasintha mutagona pansi pa galimoto ndi sipanala imodzi. Yachiwiri ndi kugwiritsa ntchito bellhousing ya otomatiki yomwe mng'ono wanu watumizayo. Pa maotomatiki a A340E ndi A341E imamasuka ndi mabawuti, ndipo mbali yake ya ku injini ndi ya fakitale, yolondola kale. Kumbuyo kwake mumaika pleti yosulidwa pa makina yolowa m'bowo lomwe munkakhala pampu ya oyilo. Choncho otomatikiyo musathamangire kuigulitsa yathunthu. Yachitatu ndi kudula ma bellhousing awiri n'kuwawotcherera pamodzi. Aluminiyamu ikatenthedwa imakoka, motero njirayi imagwira pokhapokha zidutswazo zitagwiridwa pa jigi yokhala ndi shafuti yodutsa pakati, ndipo nkhope zonse ziwiri zikapalidwanso pa makina ukatha uwotchereri.

Chimene wowotcherera wanu akuphonya ndi ichi: mabawuti sasunga pakati. Bowo la bawuti limakhala lokulirapo kuposa bawutiyo, ndiye giyabokosi ikhoza kukhala theka la milimita kumbali mabawuti onse atalowa bwinobwino. Zosunga pakati ndi ma dowel, timisomali tiwiri tonenepa tili kumbuyo kwa block. Ma injini a m'kontena nthawi zina amabwera imodzi itatsalira mu giyabokosi ina, choncho onani kuti onse awiri alipo. Mzere wa crankshaft ndi mzere wa input shaft uyenera kukhala umodzi, ndipo kuphonya kololedwa ndi 0.13 mm basi. Diso silingaone zimenezo, tepi yoyezera nayonso ayi. Pamafunika dial gauge, choyezera cha singano chonga wotchi chomwe chimaonetsa timipata ting'onoting'ono.

Kuyeza kwake n'kotere. Pukutani nkhope ya block ndi ya bellhousing, muchotse penti ndi timinga ta chitsulo. Mangani flywheel, kenako bellhousing ndi pleti yake, mabawuti onse olimba, giyabokosi isanalowe. Chotsani ma spark plug kuti injini izizungulira mopepuka. Mamatizani phazi la maginito la dial gauge pa flywheel, nsonga yake ikhudze m'kati mwa bowo lozungulira lomwe limalandira giyabokosi. Ikani singano pa ziro pamwamba, mnzanu azunguze crankshaft kutsogolo ndi sipanala, inu muzilemba ndi choko zomwe singano ikuonetsa kumanja, pansi ndi kumanzere. Mukafikanso pamwamba singano ibwerere pa ziro. Ikapanda kubwerera ndiye kuti phazi laterereka, yambiraninso. Tengani kusiyana kwa nambala yaikulu ndi yaing'ono, mugawe pawiri: singano ikayenda 0.40 mm, mwaphonya pakati ndi 0.20 mm, ndipo zimenezo zapitirira. Kukonza kwake ndi ma dowel opendekera dala, omwe amasuntha bellhousing kupita komwe mukufuna, kapena kuimika bellhousing pakati penipeni n'kuboolanso mabowo a ma dowel okulirapo ndi reamer. Mukatha, tembenuzani nsonga ya gauge ikhudze nkhope yafulati yomwe giyabokosi imatsamira, muyezenso, crankshaft mutaikankhira kutsogolo nthawi iliyonse kuti kusewera kwake kusakunamizeni. Apa funani zosapitirira 0.1 mm.

Mukadumpha zimenezi galimoto idzayenda ndithu, n'chifukwa chake anthu amati zatheka. Koma shafuti idzakhala ikupindidwa pa kuzungulira kulikonse, monga gudumu la njinga lopindika limadyera buleki mbali imodzi. Spigot bearing, ka bearing ka kumbuyo kwa crankshaft kogwira nsonga ya input shaft, idzatha msanga, pakati pa klachi pleti padzang'ambika, masipuling'i ake adzagwa, seal yakutsogolo idzadontha, ndipo giya yachinayi idzayamba kudumpha yokha mukachotsa phazi pa moto. Yachinayi ndiyo imaulula chifukwa ndi pomwe input shaft imalumikizana mwachindunji ndi shafuti yotulutsa. Makaniko wosadziwa adzasintha klachi katatu akunyoza masipeyala.

Flywheel igulidwe yachitsulo cholimba, yosulidwira 1UZ, ya mabowo 8, yobalansidwa payokha. Ena amatenga ya injini ina, monga 3S-GTE, n'kukulitsa mabowo ndi felo. Musatero. V8 iyi imazungulira kupitirira 6,000 rpm, ndipo flywheel ikasweka pa liwiro limenelo zidutswa zimaboola bellhousing ndi pansi pa galimoto, pomwe pali mapazi anu. Mabawuti a flexplate, chimbale chopyapyala chomwe otomatiki imagwiritsa ntchito m'malo mwa flywheel, ndi aafupi; gulani aatali a flywheel, olimba, muwapake mankhwala omatira mazinga, muwamange modumphadumpha ndi torque wrench pa muyeso wa amene adawapanga. Aatali mopitirira nawonso ndi oipa, amagunda kumbuyo asanafinye flywheel. Ma spacer omwe amapana flexplate sabwereranso pokhapokha wopanga flywheel atanena. Mukamanga, yezani nkhope yake ndi gauge: isapitirire 0.1 mm.

Sitata ya 1UZ idabisika pakati pa V, pansi pa intake manifold, ndiye muiyese tsopano injini ili pansi. Yerekezani ring gear (mano a m'mphepete omwe sitata imaluma) ya flywheel ndi ya flexplate yakale: kukula, chiwerengero cha mano, ndi mtunda kuchokera pa crankshaft. Pakani inki pa mano, mulize sitata ndi batire, muone pomwe yaluma. Ilume mbali yaikulu ya dzino ndipo ibwerere momasuka. Sitata yokayikitsa isinthidwe ma contact ake panopa, chifukwa injini ikalowa m'galimoto kuifikira n'kumasula manifold yonse.

Tsopano miyeso ya kuya, yomwe ndi yachiwiri pa kufunika. Spigot bearing ya Toyota yozolowereka ndi 6201 yotsekedwa mbali zonse, 12 mm m'kati, 32 mm kunja, 10 mm kunenepa. Yezani bowo la kumbuyo kwa crankshaft, mulipukute dzimbiri, bearing ilowe mothina. Kenako tengani rula yachitsulo yowongoka ndi vernier. Ku injini, yezani kuchokera pankhope ya block kufika pa bearing, pa nkhope ya flywheel, pa hub ya klachi pleti, ndi pa zala za pressure plate itamangidwa. Ku giyabokosi, bellhousing itamangidwa, yezani kuchokera pankhope ya bellhousing kufika pansonga ya shafuti, pomwe nsonga yosalalayo ithera, ndi pomwe ma spline ayambira ndi kuthera. Jambulani zonsezi papepala. Mukufuna zinthu zitatu: nsonga ilowe mu bearing yonse, patsale 2 mpaka 3 mm shafuti isanagunde, ndipo hub yonse ikhale pa ma spline ndi malo oti iziseweramo. Shafuti ikafupika, pamafunika kachitsulo kosulidwa pa lathe kobweretsa bearing kumbuyo. Ikatalika ndiye zoopsa: imakankha crankshaft kutsogolo n'kudya ma thrust washer, ndipo injini yabwinobwino imatha. Pachifukwa chomwechi, giyabokosi isakokedwe ndi mabawuti. Ikakana kutseka mpata wotsala ndi manja, china chake chikugunda, itsitseni muone.

Klachi pleti isankhidwe ndi giyabokosi, pressure plate isankhidwe ndi flywheel. Ma R awa ali ndi ma spline 21. Pa mphamvu, onjezani pafupifupi kotala pamwamba pa torque ya injini, ndiye pa 353 Nm funani yopirira 450 Nm. Masamu ake ndi osavuta. Pleti ya 260 mm kunja ndi 170 mm m'kati imagwira pa mtunda wa 107.5 mm kuchokera pakati. Ili ndi nkhope ziwiri, ndipo lining wamba amagwira pa 0.28 kapena pamenepo. Gawani 450 ndi 2 × 0.28 × 0.1075, mupeza pafupifupi 7,500 N, kutanthauza kuti pressure plate ifinye ndi makilogalamu pafupifupi 760. Pleti ikachepa, kufinya kuyenera kukwera, ndipo pedalo imalemera. N'chifukwa chake pleti yaikulu ya lining wamba yokhala ndi masipuling'i imaposa yaing'ono ya ceramic. Ya ceramic ndi ya mpikisano, imagwira modzidzimutsa, ndipo pa pikiapu yolemedwa yonyamuka pachitunda imanjenjemeretsa galimoto n'kupweteka ma axle. Onaninso kuti pressure plate ikuzungulira osakhudza m'kati mwa bellhousing, makamaka ya otomatiki ija.

Mukasankha bellhousing ya otomatiki, mulibe malo a foloko, ndiye mudzaika release bearing (bearing yokankha zala za pressure plate) ya hydraulic yokhala mozungulira shafuti. Apa muyeso ndi umodzi koma wosakhululuka. Kankhirani bearing kumbuyo mpaka ithere, muyeze kuchokera pankhope ya bellhousing kufika pankhope ya bearing. Chotsanipo muyeso wa ku injini, wochokera pa block kufika pa zala. Mwachitsanzo 95.5 mm kuchotsa 92 mm kutsala 3.5 mm. Ma bearing ambiri ogulitsidwa pa ntchito yotereyi amafuna mpata wa 3 mpaka 4 mm, ndipo mumausintha ndi ma shim kuseri kwake. Pepala la wopanga likanena zina, tsatirani limenelo. Mpatawo ndi wofunika chifukwa pleti ikamatha zala zimabwerera m'mbuyo. Ukachepa, pakapita miyezi bearing imayamba kutsamira zala ndipo klachi imaterereka. Ukakula, pisitoni imatuluka mopitirira, seal imaphulika, brake fluid n'kunyowetsa klachi yatsopano, ndipo kukonza kwake n'kutsitsanso giyabokosi. Ikani bawuti yoimitsa pedalo pansi: galimoto ili pa majeki, injini yozima, giya ili m'kati, mnzanu aponde pang'onopang'ono inu mukuyesa kuzunguza propshaft. Ikangomasuka, onjezani pang'ono, mumange choimitsacho pomwepo. Paipi yotulutsira mpweya ituluke kunja kwa bellhousing, kumtunda, ndipo mapaipi onse atalikirane ndi ekizozi, yomwe pa V8 imadutsa mbali zonse ziwiri.

Pa foloko ndi slave yakunja, onani kuti foloko ikhale pafupifupi yowongoka ndi shafuti pamene pedalo ili pakati pa ulendo wake. Mumakonza posintha kutalika kwa kampira kachitsulo komwe foloko imayendapo. Master cylinder ya klachi ya Hilux, ya ku pedalo, ndi ya 5/8 inchi. Slave yonenepa imapepuza pedalo koma imafupikitsa ulendo, ndiye klachi ikamakana kumasuka mpweya mutachotsa kale, yang'anani kumeneko.

Poika m'galimoto, lowetsani injini ndi giyabokosi zitamangidwa pamodzi, muziimike pa majeki, kenako mupange ma mounting. Sump, beseni la oyilo pansi pa injini, ya Celsior ndi LS400 ili kutsogolo ndipo imagundana ndi axle ya LN106. Yoyenera ndi ya kumbuyo ngati ya Soarer, pamodzi ndi paipi yake yokokera oyilo ndi dipstick. Giyabokosi idzasuntha malo, ndiye crossmember, bowo la ndodo zamagiya ndi ma propshaft onse awiri zidzafuna kusintha. Ma propshaft ayezedwe galimoto itaima pa matayala ake, adulidwe pa lathe, abalansidwe. Ma yoke a mbali ziwiri ayang'ane kumodzi, ndipo kupendekera kwa flange ya transfer ndi ya difu yakumbuyo kusasiyane kupitirira digiri imodzi, apo ayi mudzamva kunjenjemera pa liwiro la pamsewu.

Difu yanu mwina ndi 4.56 kapena 4.88. Ndi matayala a mainchi 31, omwe amayenda pafupifupi 2.45 m pa kuzungulira kumodzi, 100 km pa ola mu giya yachisanu ndi pafupifupi 2,600 rpm pa 4.56 ndi 2,780 rpm pa 4.88. V8 sidandaula nazo, koma thumba lanu lidzamva pa petulo. Ndi 4.10 zimatsika kufika pafupifupi 2,340 rpm. Mukafuna kusintha, musinthe madifu onse awiri, kutsogolo ndi kumbuyo.

Kompyuta ya injini nayo idazolowera otomatiki. Imayembekezera uthenga wa P ndi N, komanso wa liwiro la galimoto. Waya wa sitata umene unkadutsa pa switch ya otomatiki ulumikizidwe, makamaka kudzera pa switch ya pedalo ya klachi kuti galimoto isalire ili m'giya. Uthenga wa liwiro ukasowa, injini imatha kuzima mukaponda klachi pofika pa mphambano. Pa 1UZ yopanda VVT-i kompyuta yakufakitale imayendetsa injini ngakhale ikudandaula za ma solenoid omwe kulibe. Ya VVT-i imavutirapo chifukwa zambiri zili ndi immobiliser, ndiye pamafunika kompyuta, kiyi ndi kabokosi kake zochokera m'galimoto imodzi. N'chifukwa chake ku South Africa ambiri amaika kompyuta zapadera ngati Spitronics kapena Dicktator. Speedometer ya LN106 ndi ya kebulo. Transfer ikabwera ndi sensa yamagetsi, musinthe mbali imodzi kuti zigwirizane. Musaiwale switch ya magetsi a rivesi ndi ya nyali ya 4WD.

Thirani oyilo wa 75W-90, makamaka GL-4 yemwe ma synchro amkuwa amagwirizana naye, mpaka ayambe kutuluka pa bowo lothirira, galimoto ili pamalo afulati. Injini ikalira koyamba, pondani klachi, muwerenge mpaka zitatu, mulowetse rivesi. Ikakhadzula ndiye kuti klachi sikumasuka yonse kapena spigot bearing ikukoka shafuti, ndipo musatuluke nayo pa geti musanapeze chifukwa. Phokoso lomveka pedalo ili pamwamba n'kutha mukaponda ndi la bearing ya input shaft. Lomveka mukangoyamba kuponda ndi la release bearing. Lomveka pedalo ili pansi penipeni giya ili m'kati ndi la spigot. Makilomita 500 mpaka 800 oyamba muyende modekha, mopanda katundu wolemera, kuti lining ikhazikike, kenako mumangenso mabawuti a bellhousing, crossmember ndi ma propshaft. Nambala ya injini, kukula kwake ndi mtundu wa mafuta zonse zasintha, choncho sungani malisiti ndi zikalata zolowetsera injiniyo m'dziko, mukasinthitse ku Road Traffic, ndipo a inshuwalansi muwauze galimoto isanayambe ntchito.